Kabatani ka a Zalakhumi

A Zalakhumi ndaimba nawo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, iwo pa kiyibodi, ine pa besi. Ndi munthu woti umazindikira kuti ali m'chipinda pokhapokha akatsokomola. Dzinalo tinawapatsa mowaseka, chifukwa poimba amagwiritsa ntchito zala zisanu ndi ziwiri zokha, zinazo zimangoima m'mwamba ngati zikudikira minibasi. Nkhope sinawakomere kwenikweni, koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo amazidziwadi.

Bandi yathu ndi ya achemwali awo, amene tonse timawatchula kuti Mayi. Ndiwo amaimba kutsogolo. Ndiwonso analera a Zalakhumi makolo atamwalira, n'kuwaphunzitsa poika zala pa makiyi. Mpaka lero munthu wa imvi, bambo wa ana anayi, amatchulidwa kuti "iwe" pagulu, iye n'kumangoti, "Ee, achemwali." Timaimba m'maukwati, m'maphwando a makampani, nthawi zina kuhotela Loweruka masana, anthu akudya osatiyang'ana n'komwe. Ntchito yeniyeni ndi kunyamula: kukweza masipika, kutsitsa masipika, kukulunga mawaya. Tonse tinatopa kalekale, kungoti palibe amafuna kuyamba kunena.

Mayi ali ndi mawu awo amene takhala tikuwamva mpaka kukhuta. Oimba ambiri akamakula amapempha kuti nyimbo aziwatsitsira pang'ono kuti mawu azifika. Mayi anthu otere amawanyoza. "Tsiku limene ndidzati munditsitsire nyimbo, mudzadziwe kuti maikolofoni ndapachika," amatero, ndipo sanena mocheza. Chotiopsa n'chakuti Mayi alibe kwina kolowera. Amuna awo anamwalira, ana ali kutali. Sabata imene tilibe koimba amangobindikira m'nyumba, makatani otseka, wailesi yozimitsa, ndipo a Zalakhumi amachita kukagogoda kuti aone ngati adya.

Ali ndi chizolowezi chinanso. Nyimbo iliyonse isanayambe, amatambasula dzanja n'kudina okha kiyi imodzi pa kiyibodi ya mlongo wawo, kuti amve poyambira mawu. Kiyi ya nyimbo iliyonse amaidziwa ndi maso. Choncho simungawanamize poimbira nyimboyo pa makiyi ena, angakugwireni pomwepo.

Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, pa ukwati wina, mawu a Mayi anathyoka pamalo okwera a nyimbo imene anthu amawadziwira. Anati ndi chimfine. Sabata yotsatira anati ndi fumbi. Lachitatu lake a Zalakhumi anafika molawirira kugalaja kumene timaphunzirira nyimbo, n'kutiitana ine ndi wa gitala.

"Amwene, masulani nsambo zanu pang'ono. Sitepe imodzi yokha," anatero, maso ali pansi.

Kumanzere kwa kiyibodi yawo yakale kunali kabatani kakang'ono kotsitsira mawu a kiyibodi yonse. Ukakadina, makiyi amakhala omwewo, zala zimayenda momwemo, koma nyimbo yonse imatsika. Mwayi wake, kasikirini koyenera kuonetsa zimenezi kanali katafa kale, kanangotsala kagalasi kakuda. Mayi anabwera, anadina kiyi yawo, anaimba mpaka pamwamba osathyoka, kenako n'kutiuza kuti chimfine chija chatha.

Patapita zaka zitatu tinatsitsanso. Chaka chatha tinafika pa masitepe atatu. Nsambo za besi yanga zinafika polendewera ngati chingwe choyanikira zovala, ndipo oimba anzathu akandifunsa ndimati ndi sitayilo. Bodza loti uzilichuna sabata iliyonse limatopetsa, ndipo ine linanditopetsa. A Zalakhumi sanadandaulepo. Amangofika msanga, kudina kabatani katatu, n'kukhala phee kudikira achemwali awo.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Nthawi ya mvula chaka chino denga la galaja linadontha pamene panali kiyibodi. Wokonza mawailesi ataitsegula anapezamo dzimbiri ndi mphemvu zokwana mudzi, anangopukusa mutu n'kubwezeretsa chivindikiro. Mayi atamva sanadandaule, m'malo mwake anasangalala.

"Yakhala ikundichititsa manyazi. Tikagula yeniyeni, ya pasiteji, ndipo ndipita nawo ndekha," anatero.

A Zalakhumi anandipempha kuti ndiwaperekeze. Sananene chifukwa, inenso sindinafunse.

Shopu yake inali pamwamba pa sitolo ya zitsulo, kokwera ndi masitepe opapatiza. Munkatentha, fani itangoima, magitala ali lendelende kukhoma. Wogulitsa anali bambo wa tayi, wolankhula ngati wameza wailesi. Atamva kuti tikufuna ya bandi, anavundukula nsalu pa kiyibodi yaitali yakuda imene inali pakati pa chipindacho. Ine ndinaidziwa. Kwa zaka zambiri, tikamadutsa mumsewu umenewo, a Zalakhumi ankati akufuna kukafunsa za waya, n'kukwera kukangoyang'ana za mtundu umenewu manja ali kumbuyo.

"Iyi ndiye ya akatswiri, bwana," anatero wogulitsa. "Makiyi ake ndi olemera ngati a piyano yeniyeni. Mukadina pang'ono imanong'ona, mukaimenya imabangula. Mawu ake sasochera ngakhale wa ng'oma atapenga chotani. Khalani pansi muiyese."

A Zalakhumi anapukuta manja pa buluku n'kukhala. Anayamba mwamantha, kenako anaiwala kuti tilipo. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni ndinaona zala zonse khumi zili pa ntchito. Msana unawongoka, milomo ikugwedera. Anthu awiri amene ankasankha mawaya anasiya n'kutembenuka. Ndinamva chisoni, chifukwa ndinazindikira kuti zaka zonsezi munthuyu sanali wosatha, inali kiyibodi imene inkamupanikiza.

Mayi atatembenuka kukayang'ana maikolofoni, a Zalakhumi anafufuza batani lotsitsira n'kulidina katatu. Sikirini yake inali yaikulu ngati mbale. Pomwepo panatuluka nambala yowala yodzaza galasi lonse, ndipo pambali panayaka getsi lofiira lophethira, loti ngakhale wokhala kumbuyo kwa holo angalione. Anabweza msangamsanga n'kundiyang'ana. Mayi pasiteji amaima kudzanja lamanja la mlongo wawo, kope la nyimbo atalitsamiritsa pa kiyibodi pomwepo, moti getsilo sakanalephera kuliona.

Tisanaganize chochita, Mayi anali atafika.

"Tasuntha iwe, ndiimve," anatero. Anatambasula dzanja, anadina kiyi yawo ya nthawi zonse, n'kuyamba nyimbo yawo ija.

Kiyibodiyo inanena zoona. Mzere woyamba anaukoka movutikira, mitsempha ya pakhosi itatuluka. Wachiwiri anayesa kukwera, mawu n'kuthyoka pakati, kunangotuluka kamphepo. Anayesanso, zomwezo. Mayi anagwira pakhosi, akuyang'ana kiyi ija ngati mwana wawo wawatukwana.

"Ndi yokwera iyi, achemwali," anatero a Zalakhumi modekha. "Za masiku ano amazichuna mokwera. Ndaimva nditangoigwira."

Wogulitsa anachita ngati wapondedwa chala. "Yokwera? Bwana, iyi yachokera kufakitale! Kutsutsa galu n'kukumba, dikirani ndikuonetseni pafoni, ili ndi choyezera mawu."

Ndinamugwira mkono. "Achimwene, tabwerani mundionetse nsambo za besi." Titafika kuseri kwa masipika ndinamunong'oneza kuti, "Mukufuna kugulitsa kapena mukufuna kuwina mlandu? Bwezani foniyo m'thumba." Anandiyang'ana, anasuzumira Mayi amene anali atagwirabe pakhosi, n'kuibwezadi. Anali wolongolola koma sanali wopusa.

Pamene tinkabwerera, a Zalakhumi anali atagwada pakona pamene panaunjikidwa katundu wakale amene anthu amasiya posinthitsa. Anasolola kiyibodi yaifupi, makiyi ake achikasu ngati mano a wosuta fodya. Anaipukuta ndi mkono wa malaya, anailumikiza kumagetsi, anavula chipewa n'kuchiika pa kasikirini kake, kamene kanali kochepa ngati bokosi la machesi. Dzanja lamanzere linapita pakona ngati likuchotsa fumbi.

"Tayesani iyi, achemwali."

Mayi anazengereza. Sindinawaonepo akuopa kiyibodi, koma tsiku limenelo anaiyandikira pang'onopang'ono. Anadina kiyi, anamvetsera, n'kuyamba motsitsa. Mzere woyamba unadutsa. Wachiwiri anakwera mpaka pamwamba, n'kukhalapo nthawi yaitali kuposa mmene nyimbo imafunira. Atamaliza anapuma mwamphamvu, nkhope n'kubwerera m'malo mwake, ndipo mkwiyo unabwerera nayo limodzi.

"Ndiye ukufuna tigule chidole ichi? Uwauze achune yaikuluyo, nkhani ithe."

"Sizitheka kuichuna, achemwali. Komanso ndi yolemera. Msana wangawu sungathe kumaikweza masitepe."

"Msana! Munthu ndakubweretsa kuti usankhe chinthu chaulemu, iwe ukuthamangira kudzala. Ulesi umenewu unautengera kwa ndani? N'chifukwa chake wakalamba ukuimba ndi zala zisanu ndi ziwiri. Anzako amakula, iwe unangoima pamodzimodzi!"

Ananena zambiri, pamaso pa wogulitsa ndi anthu a mawaya aja. A Zalakhumi ankangoti, "Ee, achemwali," akukulunga waya wa kiyibodi yakaleyo pa dzanja. Makiyi ake anali opepuka, olira kwetekwete, mawu ake a piyano ngati a m'chitini. A Zalakhumi ankadziwa zimenezi kuposa tonsefe. Ine ndinakwiya, sindibisa. Ndinafuna kuwauza Mayi kuti munthu amene mukumunyozayu ndi amene wakhala akukunyamulani, koma ndikanatero ndikanawononga zonse zimene ananyamulazo. Chimene ndinaona n'chakuti Mayi, ngakhale ankakalipa chotero, yaikulu ija sanaikhudzenso. Kaya anakhulupirira, kaya anangosankha kukhulupirira, sindikudziwa.

Wogulitsa anabwezeretsa nsalu pa kiyibodi yakuda ija. A Zalakhumi anamuthandiza kukoka ngodya imodzi kuti fumbi lisalowe, n'kusalaza nsaluyo ndi chikhatho.

Mayi anatsogola kukafuna galimoto, akung'ung'udza nyimbo yawo. Ife tinatsalira pamasitepe ndi kiyibodi tinagulayo, a Zalakhumi kutsogolo, ine kumbuyo, ngakhale kuti munthu mmodzi akanatha kuinyamula m'khwapa. Titafika pakati anaima kuti apume.

"Amwene, mukawauze a gitala kuti Lachitatu afike msanga. Mumasulenso pang'ono."

"Si tili pa atatu?"

"Ndadina kanayi. Atachita mantha muja, atatu sakanafika."

Ndinaganiza za nsambo zanga, zimene zinali kale pafupi kugona pa thabwa. Ndinafunsa kuti kabatani ka iyi kamatsitsa mpaka kangati.

"Kasanu ndi kamodzi," anayankha. "Tatsala ndi kawiri."

Pansi Mayi anali akukuwa kuti galimoto yapezeka, tifulumire. A Zalakhumi anakonza chipewa, anagwiranso mbali yawo, n'kuyankha kuti, "Tikubwera, achemwali."