Mphepo ya Alendo Inkathera Pabedi Panga

Ine ndinabadwira ku Nchalo, m'boma la Chikwawa, ndipo nditafika ku Doha kudzayendetsa galimoto, chimenechi ndicho chinali chuma changa chonyadira. Anzanga ankanyadira mafoni ndi nsapato, ine ndinkanyadira khungu. Aliyense wodandaula za kutentha ndinkangomufunsa ngati anagonapo ku Nchalo mwezi wa Okutobala.

Abwana anga anali bambo wachikulire wa ku Madinat Khalifa, dera lina la mu Doha momwemo, munthu wofatsa wosachulutsa mawu. Kachipinda kanga kanali kunja kwa nyumba yaikulu, khoma limodzi ndi majlis, chipinda chimene amuna amachezeramo ndi alendo. AC ya m'kachipindako, makina oziziritsa mpweya, ndinaipeza itafa kale, choncho nyengo yotentha ikuyandikira abwana anagula yatsopano. Ine ndinaikana. Ndinawauza m'Chingelezi changa chothyokathyoka kuti ife a ku Chikwawa tinabadwira m'ng'anjo, kutentha ndi m'bale wathu. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako analamula kuti ikaikidwe m'sitolo yosungiramo mpunga ndi ufa.

Ndipo zinkaoneka ngati ndanena zoona. Kunja chogwirira chitseko chinkawotcha dzanja, koma m'kachipinda mwanga munali ngati patsinde pa mtengo wa mango. Masiku ena ndinkafunda bulangeti. Sindinadzifunse chifukwa chake. Ndinangoti thupi langa ndi la mtundu wina, nkhani inathera pomwepo.

Ndinali ndi mnzanga wa ku Dedza, mlonda, amene ankakhala ku Al Mansoura, mbali ina ya mzindawo, m'chipinda chothithikana ndi anzake. Iye kutentha kunkamuzunza zedi. Lachisanu lililonse ndinkapita kukamuchezera, koma kwenikweni ndinkapita kukalalikira.

"Vuto lanu achimwene mwazoloweza thupi AC," ndinkatero. "Zimitsani, muzimwa tiyi wotentha. Body imachita adjust yokha."

Munthu wa Mulunguyo anayesadi. Anatuluka totupatupa msana wonse, ndipo anzake a m'chipinda anatsala pang'ono kumuponyera katundu panja. Ine ndinamuuza kuti alibe chipiriro. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Nthawi yonseyi majlis sinkazizira bwino. Alendo a abwana ankangodzipepesa ndi timabuku, khofi n'kumamusiya m'makapu. Mphepo yozizira inkachokera pa makina a padenga, n'kumadutsa m'mapaipi a malata obisika m'siling'i, choncho abwana anaitana mmisiri wa ku Nepal kuti adzayeze ngati mapaipiwo sakutaya mphepo m'njira. Tsiku limenelo mnzanga wa ku Dedza uja sanali pa ntchito, ndipo ndinamuitana kuti adzaone ndi maso momwe amuna amakhalira opanda AC.

Atangolowa m'kachipinda mwanga anaima pakhomo. "Koma achimwene, muno mukuzizira."

"Ndi mindset basi," ndinamuyankha, ndikuthira tiyi.

Kuseri kwa khoma mmisiri uja anali atangozimitsa makina. Anamata mapepala apulasitiki pa mabowo onse otulukira mphepo, nalumikiza fani yaikulu pa bowo limodzi kuti ikankhire mphepo m'mapaipimo. Ndinasuzumirako ndipo ndinamuona akuyang'ana kachipangizo koyezera, akupukusa mutu. Mphepo inkathawa penapake. Ndiye analowetsa utsi woyera m'mapaipimo kuti aone kumene utulukire. Ine ndinabwerera kukapitiriza ulaliki.

Ndili pakati pofotokoza za kulimba kwa anthu a m'chigwa cha Shire, ndinaona mnzanga uja sakundiyang'ananso. Maso ake anali kumwamba. M'mbali mwa babu, ndi m'mphepete monse mwa thabwa la siling'i, munkatsika utsi pang'onopang'ono, mwaulemu, kulunjika pabedi panga penipeni.

Posakhalitsa mmisiri analowa ndi makwerero, abwana ali pambuyo. Anatukula thabwalo, ndipo tonse tinaona: pamene mapaipi awiri amakumana panali patamasuka, mpata woti dzanja n'kulowa. Anauza abwana kuti mphepo yambiri ya alendo awo imathera m'chipinda cha dalaivala. Palibe anaseka. Ndikanakonda akanaseka.

Mmisiri uja anamatapo phala lotuwa, nakulungapo tepi yonyezimira, nayezanso. Kachipangizo kaja kanakhazikika. Madzulo ake alendo anamaliza khofi wawo, ena mpaka kupempha kuti AC aichepetse.

Mawa lake ndinakumana ndi Doha koyamba. Makoma ankatulutsa moto, matiresi ankawotcha, madzi a m'botolo ankakhala ngati opangira tiyi. Komabe kupempha AC kunali kuvomera pamaso pa abwana ndi pa Amalawi onse a ku Al Mansoura kuti ndinali munthu wamba, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa thukuta. Ndinayamba kunyowetsa nsalu yofunda. Ndinkapukuta mkati mwa galimoto yopukuta kale, injini ikulira kuti AC yake izindiwomba. Ndinkapezanso zifukwa zolowera m'sitolo muja, n'kuima pakati pa matumba, ndikusirira mpunga.

Tsiku lina ndili m'sitolomo ndinakumbukira bambo anga. Anadula nzimbe padzuwa la ku Nchalo moyo wawo wonse, ndipo sindinawamvepo akunena kuti samva kutentha. Akaweruka ankangofuna mthunzi ngati munthu aliyense. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndinawasowa.

Ndinatuluka n'kukapeza abwana m'majlis, momwe tsopano munkazizira ngati m'firiji. Ndinayamba ndi kuzungulira, za thanzi, za kuyendetsa bwino galimoto munthu akagona mokwanira. Anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Chikwawa khalas?" anafunsa mofatsa. Khalas ndiye kuti zatha.

"Khalas," ndinatero.

Lachisanu lotsatira ndinapita ku Al Mansoura mutu uli pansi. Mnzanga wa ku Dedza anandilandira bwino, osatchula kalikonse. Anandiikira mpando pakona, kutali ndi AC, iye nakhala pansi pake penipeni ndi botolo la madzi ozizira. Kenako anandipatsa kapu ya tiyi ikufuka nthunzi.

"Imwani achimwene," anatero. "Body ichite adjust."

Ndinamwa yense.