Galimoto Imene a Dalaivala Sankaimva

"Ndiye mukuti apapa yalira kale?"

"Yalira kale, bambo."

"Musandinamize ine." A Dalaivala anaika chikhatho pa boneti n'kupendeketsa mutu ngati munthu womvetsera pakhomo la eni. "Iyi si galimoto, mwanangu, ndi mzukwa. Imayendera chiyani?"

Ndinawafotokozera mokoka mawu, ngati mphunzitsi. Ndinali nditangobwerako kunja kumene ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkakhala kwa azakhali anga, m'nyumba zosanjikizana za mabanja khumi ndi awiri, geti limodzi. A Dalaivala ndiwo anali mlonda wa masana pagetipo. Ndinawauza kuti galimoto yangayo ndi haibulidi, ili ndi mitima iwiri, injini ya petulo ndi mota ya magetsi. Ukamayenda pang'onopang'ono imayendera batire, phee. Ukaponda moto injini imadzuka yokha, ukaima pa maloboti imagonanso. Ukaponda buleki batire imadya. Kilachi palibe.

"Nanga mwendo wamanzere umagwira ntchito yanji?"

"Umapuma."

"Ulesi," anatero, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Dzina la Dalaivalalo silinali lachipongwe. Anayendetsa malole zaka makumi atatu ndi chimodzi, simenti, matabwa, feteleza, ndipo ankati sanagundepo ngakhale nkhuku. Ukawafunsa chimene anasiyira ankangoti msana. Pagetipo anali atakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi. M'kanyumba kawo munali mpando wakale wa lole umene anaukhazika pa njerwa, fulasiki ya tiyi, ndi wailesi imene sankaitsegula mpaka ataweruka. Malipiro awo ndiwo ankadyetsa akazi awo, amene ankavutika kuyenda chifukwa cha chiuno. Anthu ankawakonda pa chinthu chimodzi: galimoto isanakhote n'komwe, geti linkakhala litayamba kale kuguguda pa njanji yake. "Abusa amenewo, fanibeluti yatha," ankatero akudzuka. Kapena, "A nesi, lero atopa, akuchedwa kusintha giya."

Galimoto ya azakhali ndinaiyendetsa kamodzi kokha. Inali ya petulo, yakale, chiwongolero chonjenjemera mpaka m'mapewa. Giya yachiwiri inkafuna kuinyengerera. M'kati munkanunkha mafuta ndi mphira wotentha, ndipo pamtunda unkachita kumva m'mimba mwako kuti ikuvutika. Yanga inkangotsetsereka ngati sopo. Komanso ndinaona chizolowezi china chimene chinkandinyansa. Aliyense wa pampandapo, akafika pa hampu ya pafupi ndi geti, ankaponda kilachi n'kuliza injini kawiri, vuuu, vuuu. Azakhali, abusa, a nesi, onse.

"Mukungotentha mafuta," ndinawauza azakhali. "Kunja munthu atachita zimenezi angamuyese wamisala."

"Iwe uziyendetsa yakoyo," anatero, maso ali kumsewu.

Vuto langa linali geti. Ena onse linkawatsegukira, ine ayi. Ndinkafika n'kuima, a Dalaivala ali pampando wawo mapazi khumi kuchokera pa ine, nkhope italoza kwa ine ndithu, osadzuka. Hutala inali yoletsedwa, chikwangwani chinalipo, chifukwa a nesi ankagona masana. Ndiye ndinkadikira, kapena kutsitsa windo n'kuitana. Ndinayamba kuwerenga mphindi. Mumtima ndinagamula kuti ndi mwano wa anthu akuluakulu, kuti mtsikana wosakwatiwa wokhala ndi galimoto yakeyake ayenera kudikira pang'ono kuti adziwe malo ake.

Lachinayi lina masana ndinabwerera kudzatenga mapepala amene ndinaiwala, ndikuthamangira kokafunsidwa ntchito. Ndinaima mphindi zitatu. Iwo ankathira tiyi. Ndinagona pa hutala ndi manja onse awiri. Anadzambatuka, tiyi yense pathalauza, bondo n'kumenya pa njerwa.

"Kodi muli ndi maso inu?" ndinakuwa. "Amakulipirani kuti muzingokhala?"

"Pepani, mayi," anatero. Sananditchulepo mayi chiyambire. Anakankha geti akutsimphina.

Tsiku lomwelo ndinalembera woyang'anira nyumbazo kalata ya pa imelo monga ndinaphunzirira kunja: tsiku, nthawi, mphindi zimene ndinadikira, kasanu ndi kawiri konse, m'mizere yooneka bwino.

Madzulo ndinapeza azakhali akusita. A nesi anali atawauza kale za hutala, za kalata ndinawauza ndekha. Anaimika ayironi.

"Walembera ndani?"

"Woyang'anira. Ndi mmene zinthu zimakonzekera."

"Iwe, bambo aja saona."

Ndinaseka, poyesa kuti akundinyoza.

"Ng'ala, maso onse awiri. Amaona kuwala ndi mthunzi basi, munthu mpaka afike apa. N'chimene anasiyira lole. Ali pamndandanda kuchipatala, akuti diso limodzi alipala miyezi ikubwerayi. Pampanda pano aliyense akudziwa kupatula woyang'anira wakoyo. Ukuganiza kuti tonsefe timaliza injini pahampu paja chifukwa ndife zitsiru? Timagogoda. Wailesi ija ukuganiza saitsegula chifukwa chiyani?"

"Bwanji simunandiuze?"

"Unafunsa? Chitsikireni ndege ukungotiphunzitsa. Ndimadikira kuti upume kaye."

Anatenganso ayironi. Ndinaima pomwepo, makiyi ali m'manja, ndikumva mawu anga aja akubwerera amodzi amodzi.

M'mawa ndinapita ku ofesi ya woyang'anira kuti ndikabweze kalatayo. Anandilandira ndi manja awiri. Kalata yanga anali ataisindikiza, ili patebulo.

"Achemwali, zaka zonsezi aka n'koyamba kulandira dandaulo lolembedwa bwino. Ena amangonong'ona."

"Ndinapsa mtima chabe. Ndinali nditachedwa. Ing'ambeni."

"Kasanu ndi kawiri si kupsa mtima. Eni nyumba akhala akundikakamiza kuti tiike a kampani ya alonda, anyamata. Lolemba faifi koloko ndidzaima pagetipo ndekha. Mudzabwere ndi galimoto yanu yomweyo, ndidzaone ndi maso anga. Mlondayo akadzachedwa kutsegula, basi."

Chilungamo chinali pakamwa panga, koma kuchinena kukanakhala kuwachotsa ntchito pomwepo. Ndinathokoza n'kutuluka.

Loweruka m'mawa ndinayesa kugogoda ngati anzanga. Pahampu ndinaponda moto, galimoto n'kungodumphira kutsogolo mwakachetechete, pang'ono n'kanagunda chipupa. Ndinaichotsa m'giya n'kupondanso. Zii. Ya azakhali, imene ndinkaiseka, ukaiuza kuti lankhula imalankhula. Yangayi imasankha yokha nthawi yolankhulira.

Ndinatsika n'kupita kukanyumba kaja.

"Bambo, ndi ine."

"Ndamva chitseko." Anatembenukira kwa ine. "Azakhali anu akuuzani."

"Eya. Ndinalakwa. Ndipo pali kalata."

"Nayonso ndamva. Pano nkhani zimayenda popanda mafuta ngati galimoto yanu." Anasisita bondo. "Tandikwezaniko mzukwawo. Chibadwire sindinakwerepo."

A nesi anavomera kuyang'anira geti. Tinazungulira misewu iwiri. A Dalaivala anakhala mowongoka, dzanja limodzi pa dashibodi, lina likufufuza giya pamene palibe giya.

"Apo yadzuka," anatero injini italowa pamtunda, ine ndisanamve n'komwe. "Apo yagonanso. Tayala lakumbuyo kumanja lachepa mpweya." Kenaka anapukusa mutu. "Ndi yabwino, mwanangu, sindikunamizani. Msana wanga ukanakhala pamenepa bwenzi ndili mnyamata. Koma siuza munthu kanthu. Lole yanga inkadandaula, inkapempha, tsiku lina inkanditukwana. Iyi ili ngati mlendo waulemu kwambiri, sudziwa ngati wakhuta."

"Simuimva ngakhale pang'ono ikamabwera?"

"Pamiyala ndimamva matayala. Koma pageti paja anaika simenti."

"Nanga Lolemba titani?"

"Zikakanika zakanika. Ndinasiya chiwongolero, geti n'chiyani." Ananena moseka, koma dzanja lija linali litagwira dashibodi mpaka mitsempha kuoneka. "Kungoti mayi akunyumba sindinawauze."

Nditawatsitsa ndinaimika galimoto n'kupita kumsika wapansi. Sindinkadziwa chimene ndinkafuna mpaka nditafika pa benchi ya mayi wina wogulitsa maloko, misampha ya makoswe ndi unyolo wa agalu. Pachingwe panali timabelu ta pakhosi pa ziweto. Ndinatigwedeza kamodzi kamodzi pafupi ndi khutu. Tambiri tinkalira mopyapyala ngati supuni m'kapu. Kamodzi, kamkuwa, kanali ndi mawu okhuthala.

"Mphaka wanu ndi wamkulu bwanji?" anafunsa mayiwo.

"Wamkulu ndithu. Mundipatsenso waya."

Njira yonse ndinakafumbata kuti kasalire. Ndinkadziwa kuti ndikukonzekera kupusitsa munthu amene anakhulupirira kalata yanga, ndipo sindinapeze mbali imene ndingaimire n'kuoneka bwino. Pageti dzanja linachita thukuta, ndinakasinthira kudzanja lina, kabelu n'kulira kamodzi.

A Dalaivala anatembenuza mutu.

"Mbuzi ya ndani imeneyo?"

"Yanga, bambo."

"Tagwedezaninso." Ndinagwedeza. Anamvetsera, milomo ikuyenda ngati akuloweza nambala. "Bwererani mpaka pahampu." Ndinabwerera, n'kugwedeza ndili pakati pa msewu, ana a abusa akundiyang'ana pawindo.

"Kakumveka," anakuwa. Nditayandikira anatsitsa mawu. "Musakamange kumbuyo, kangapse ndi paipi ya utsi. Kutsogolo, kumanzere, m'kati mwa bampala kuti kasaoneke. Ndipo hampuyo muziikwera chopingasa pang'ono, kalire kawiri. Mawa mukamachoka kutchalitchi tiyesere."

"Chabwino, bambo."

"Ndi mpweya wa tayala lija."

Ndinakwera masitepe kabelu kali m'thumba la siketi, kakulira pa sitepe iliyonse. Azakhali anatsegula chitseko ndisanagogode.