Theka Lachiwiri la Aljebura

Anafika kutada. Galimoto yodzaza zikwama, mapoto, matilesi pamwamba. Munda wachilendo, bwana wachilendo, tinyumba tamatabwa timene sanationepo. Ku Michigan, mwezi wa Meyi, koma mphepo ikuluma.

Onse anatsika. Nereida Salinas sanatsike. Anakhala kumpando wakumbuyo, misozi ili chuchuchu.

"Tsika, mwana wanga," anatero mayi ake, a Herlinda. "Kapena tikulipiritse lendi ya mpandowo?"

Sanaseke.

Inu amene munalepherapo, mverani chimene chinkamuliza. Banja la a Eusebio Salinas linkatsata zokolola. Nyengo yozizira ali kwawo ku Texas. Meyi akayandikira, ulendo wakumpoto: kudula katsitsumzukwa, kuthyola matcheri, kenako maapozi. Maapozi akatha, abwerere kumwera. Sukulu inkatsegulira ali kumpoto. Mayeso omaliza ankalembedwa iwo ali pamsewu.

Aljebura ya makalasi apamwamba Nereida anaiyamba kawiri. Kawiri konse ananyamuka asanalembe mayeso a theka lachiwiri. Sukulu iliyonse yatsopano inkamubwezera patsamba loyamba. Tsopano kunatsala chaka chimodzi kuti amalize sekondale, ndipo popanda masamu okwanira satifiketi palibe. Iye anagamula yekha mlandu wake: mutu wanga ndi wouma.

Sabata yotsatira anakalembetsa pasukulu ya m'tauniyo. Aphunzitsi a masamu anali Mayi Vandermolen. Aatali. Oseka mokweza. Anamupatsa mafunso pabolodi. Oyambirira anawamaliza ngati akusenda nthochi. Atafika pakati, dzanja linaima.

"Iwe unabisala kuti? Zoyambazi ukuzidziwa kuposa buku!"

"Ndaziphunzira kawiri, aphunzitsi. Kupitirira apa ndine mbuli."

"Mbuli? Iwe uli ngati munthu wotuluka m'kanema filimu ili pakati, n'kumadziimba mlandu kuti sakudziwa amene anakwatira mtsikana uja."

Nereida anaseka. Koyamba chifikireni.

Aphunzitsi anamuyalira njira ziwiri. Yoyamba: makolo avomereze kuti theka limene anakhoza likwanire, ndipo chaka chomaliza atenge masamu a ndalama za tsiku ndi tsiku. Njira yabwino, yopanda manyazi. Satifiketi ibwera ngakhale akuyendayenda. Yachiwiri: amalize aljebura yonse, awonjezere masamu apamwamba chaka chomwecho. Yotopetsa. Koma imatsegula makomo a maphunziro a uinjiniya. Mtengo wake umodzi: kukhala pasukulu imodzi kuyambira Seputembala mpaka Juni.

"Ukufuna kudzachita chiyani?"

"Misewu. Osati ya fosholo ayi. Kujambula. Ndakulira pamsewu ine, aphunzitsi. Milatho yonse yogwedera ndimaidziwa."

Madzulo anauza bambo ake. A Eusebio anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaika supuni pansi.

"Tinabwera pamodzi, tibwerera pamodzi. Tenga njira yachiduleyo. Satifiketi ndi satifiketi."

"Bambo, a Chabela akuti ali ndi chipinda."

A Chabela anali mayi wamasiye wogwira ntchito kolongedza zipatso. Anakhazikika m'tauniyo kalekale.

"Ndi mayi wabwino, sindikukana. Koma si mbale. Mwana wamkazi sasiyidwa m'nyumba ya munthu wadera."

Nkhani inathera pomwepo. Nereida sanakangane nawo. Sanasiyenso. Masana ali pamakwerero, kuthyola matcheri. Madzulo ali kusukulu, zala zili zofiira, pensulo ikumata. A Herlinda ankangoyang'ana.

Lamlungu lina, potuluka m'tchalitchi, a Herlinda anagwira amuna awo pamkono.

"Bambo a Nereida, kodi mwana wanuyu analandira sakramenti la Ulimbitso?"

A Eusebio anakanda m'mutu. "Maphunziro ake anayamba. Kenako tinanyamuka."

"Anayambanso chaka chinacho."

"Tinanyamukanso."

"Ndiye nawonso theka. Msinkhu umenewu! Anthu akamva adzati bambo ake ndi ndani?"

"Ayi, zimenezo ayenera kumaliza. Za Mulungu sitisewera nazo."

"Mwanena bwino. Maphunzirowo amatha mu Juni. Akufunikanso mayi wauzimu woti amuimirire. Ine ndaganiza a Chabela."

A Eusebio anaima chilili pakhomo la tchalitchi. Pachikhalidwe chawo mayi wauzimu si mlendo. Ndi mbale weniweni. Amalanga mwana, amadya nanu, pamaliro amakhala kutsogolo. Ubale wake sutha.

"Herlinda, wandikola."

"Sindine ine. Lowaninso mukakangane ndi mwini nyumbayi."

Mwambo umati bambo apite yekha kukapempha. Anapita. Malaya ositidwa, chipewa m'manja, mbale ya tamale, chakudya cha kwawo cha ufa wachimanga, yokutidwa ndi nsalu. A Chabela anawasiya achite chibwibwi kanthawi, kenako anati, "Khalani pansi, achimwene. Bedi ndinayala kale."

Maapozi atatha, banja linatsikira kumwera. Nereida anatsala.

Musaganize kuti zinayenda myaa. Chipale chofewa anachiona koyamba, nachikonda tsiku limodzi lokha. Mayeso oyamba a masamu apamwamba analephera. Anafika kunyumba akulira.

"Lira mwachangu," anatero a Chabela. "Nyemba zikuzizira."

Anadya. M'mawa anapita kwa Mayi Vandermolen kalasi isanayambe. Mkuja anapitanso. Chinakhala chizolowezi. Funso limene walakwa ankalibwereza mpaka ligonje. Ndipo anapeza chinthu chimene palibe anamuuzapo: theka lachiwiri n'lokoma. Mizere yokhota ija, imene inkamuopsa, ndi yomweyo amajambulira milatho.

Bambo ake ankaimba foni Loweruka lililonse. Mafunso awo sankasintha.

"Wadya?"

"Ndadya, bambo."

"Wavala zofunda?"

"Ndavala."

"Nanga x wa m'masamu uja mwamupeza?"

"Tikumusakabe."

"Anthu kalasi yonse kusaka chinthu chimodzi chaka chathunthu! Akanakhala antchito anga ndikanawachotsa."

Meyi anafika. Banja linabwereranso kumpoto. Koyamba m'moyo wake, tsiku la mayeso omaliza linamupeza atakhala pampando, osati m'galimoto. Analemba mpaka funso lomaliza. Anakhoza aljebura. Anakhoza masamu apamwamba. Koleji ina ya boma inamulandira, n'kumuitana kuti ayambiretu maphunziro okonzekera mu Juni momwemo.

Ulimbitso unachitika Lamlungu. Mwambo wa masatifiketi Lachisanu lake. Akulu a sukulu anapempha kuti anthu asaombe m'manja mpaka mayina onse atatha. Ataitana "Nereida Salinas," a Eusebio anaimirira n'kukuwa mfuu ija ya kumunda, yomveka tsidya la mizere ya maapozi.

"Khalani pansi, mukutichititsa manyazi!" anatero a Herlinda, iwonso ataimirira.

Kunyumba kwa a Chabela kunali phwando. Nyama yowotcha, magitala, fumbi. Mayi Vandermolen anavina molakwitsa mapazi, osasamala. A Eusebio anawagwira dzanja ndi manja awiri. Kenako anawawonjezera nyama m'mbale.

Kusanache, chitseko cha chipinda cha Nereida chinagogodedwa mwamphamvu.

"Dzuka, injiniya! Tichedwa kukoleji!"

"Bambo, kunja kudakali mdima."

"Ukufuna ena akulande mpando wakutsogolo? Nyamula chikwama!"

A Herlinda anatulukira atafunda bulangete. "Taonani amene ankakana kumusiya. Lero akumuthamangitsa."

"Khala chete, mayi iwe. Mwanayu ali ndi masamu oti akamalize."

A Chabela anamupatsira chakudya cha panjira, n'kumulemba mtanda pachipumi. Injini inalira. Anakhota pangodya dzuwa likungosuzumira.

Tsono inu. Mwina mwayamba chinthu kawiri, katatu, osachimaliza, mpaka mwadzitcha wouma mutu. Imani kaye. Dzifunseni ngati munalepheradi, kapena moyo unkakunyamutsani musanafike kumapeto. Funsani njira zimene zilipo. Sankhani yofika kumene mukufuna, ngakhale ili yokwera. Pezani anthu okugwirani dzanja. Kenako khalani pampandopo mpaka funso lomaliza.

Mtima wanuwo musautaye. Mudzaufuna kutsogoloku.