Miyendo Yakumbuyo ya Wilfred Ollerenshaw

Wilfred Ollerenshaw anabadwa ndi mawu aakulu. Mayi ake, amene ankakazinga nsomba ndi tchipisi ku Grimsby, ankati mwanayo akalira, agalu a msewu wonse ankavomera. Atakula anapita ku London kukaphunzira zisudzo, ndipo anabwerako akudziwa kuyenda ngati mfumu, kufa ngati mfumu, ngakhale kutsokomola ngati mfumu. Chinasowa ndi womupatsa ufumuwo.

Ine ndinamudziwira ku Scarborough, m'nyumba ya zisudzo momwe ndinkasoka zovala. Tinkakonzekera sewero la Khirisimasi, ndipo ng'ombe yathu yansalu, yolowamo anthu awiri, inalibe munthu wakumbuyo. Wilfred anatulukira atavala chikhoti chachitali, n'kupereka moni wogwedeza mawindo.

"Mawuwo mukawasiye kunyumba, achimwene," anatero bambo Entwistle, oyendetsa masewero athu. "Taweramani."

Wilfred anawerama.

"Msana wabwino uwu," anatero bambo Entwistle, n'kutembenukira kwa ine. "Muriel, ayeze."

Kutsogolo kwa ng'ombeyo kunkalowa Alf Duckworth, kamunthu kafupi kokonda nyemba ndi anyezi wa mu viniga. Wakumbuyo ankayenera kuwerama n'kumugwira Alf m'chiuno mpaka sewero kutha. Nthawi zina, mwana wa mfumu ali pakati pofunsira mbeta, m'mimba mwa ng'ombe munkamveka mkangano.

"Iwe Alf, wadyanso chiyani lero?"

"Khala chete, matako sayankhula."

"Ako bwanji akuyankhula?"

Koma Wilfred ntchitoyo anaitenga ndi mtima wonse. Ankapita kumadambo kukaonerera mayendedwe a ng'ombe zenizeni, mpaka mlimi wina anamuthamangitsa ndi fosholo pomuyesa wakuba. Posakhalitsa miyendo yakumbuyo ya ng'ombe yathu inayamba kukandana, kunyada, kuvina yokha yakutsogolo itaima. Ana ankakuwa mpaka kusasa mawu. Mtolankhani wina analemba kuti m'sewero lonse, chanzeru chinali kumbuyo kwa ng'ombe. Alf sanadye tsiku limenelo.

Nyengo yotentha Wilfred ankakasaka mwayi ku kanema. Kamodzi anamutenga kuti akhale mtembo m'sewero la apolisi. Ntchito inali kugona chete pakapeti, basi. Koma kamera ikayandikira, mtembowo unkabuula n'kuyamba kutsanzika abale. Atatopa naye anamufunditsa chinsalu, kungotsala mapazi. Mayi ake anaitana msewu wonse kudzaonera, ndipo analoza galasi la kanemayo akulira.

"Zala zimenezo n'za bambo ake ndithu!"

Zaka zinapita choncho, tsitsi mpaka kuchita imvi. Ndiye chaka china, sewero litatsala pang'ono kuyamba, Alf anaterereka pa madzi oundana n'kuthyoka bondo. Bambo Entwistle anamugwira Wilfred paphewa.

"Mwakwezedwa, akulu. Lero ndinu mutu."

Popeza panalibe wina, kumbuyo analowa bambo Entwistle eniake, ndi mimba yawo yonse.

Katani itatsegulidwa, Wilfred anasuzumira pakamwa pa ng'ombe, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona anthu. Zaka zonsezo ankangoona thalauza la Alf. Tsopano nkhope zinali mbwee, mpaka m'mwamba, zonse zikumuyang'ana. Anauma gwa.

"Yendani!" ananong'ona bambo Entwistle. "Yendani, inu!"

Anamutsina. Mantha anatsegula zonse zimene Wilfred anaphunzira ku London, ndipo ng'ombe inayamba kulankhula ndi mawu a mfumu. Inadandaula za ufumu wake wolandidwa, inatemberera adani ake, inaitanitsa lupanga. Mtsikana amene ankayenera kuikama anataya ndowa n'kuthawa. Kenako mfumuyo inaponya mwendo kutsogolo mwaulemerero, osaona kuti siteji yathera pomwepo. Nsalu inang'ambika pakati kuti kwee! Mutu unagwera m'dzenje la kutsogolo kwa siteji momwe munkakhala oimba, n'kuboola ng'oma yaikulu. Pamwamba panatsala theka la ng'ombe, bambo Entwistle akusuzumira panja, thukuta lili kamukamu.

Anthu anaomba m'manja ataimirira. Ena anabweranso mawa lake, n'kudandaula kuti ng'ombe sinagwe.

M'mawa mwake Wilfred anandipeza ndikulumikiza ng'ombeyo, chipumi chake chili ndi chotupa ngati dzira.

"Muriel, kutsogolo sindibwererako. Kuli anthu."

"Nanga mutu alowe ndani?"

Anayang'ana pansi, nayamba kuseweretsa mchira.

"Ndimati mwina iweyo. Msinkhu wako ndi wa Alf yemwe. Komanso umanunkhira sopo."

"Bambo inu, ine mwamuna sandigwira m'chiuno chaka ndi chaka popanda ukwati."

"Chabwino," anatero. "Loweruka likubwerali uli ndi zochita?"

Loweruka limenelo panali masewero awiri, choncho tinakwatirana mu Febuluwale. Alf anabwera pa ndodo, nadya theka la keke.

Ng'ombeyo tinaisewera limodzi mpaka mawondo anga atakana. Pano tikukhala ku Filey, m'kanyumba koyang'ana kokwerera basi. Msana wa Wilfred sunawongokenso. Akamayenda m'tauni atawerama, alendo amaganiza kuti wataya kiyi, ndipo amayamba kumuthandiza kufunafuna. Iye sawauza. Amati ndi njira yabwino yodziwirana ndi anthu, ndipo sabata yatha anabwera nawo kunyumba atatu kudzamwa tiyi.