A Nyundo ndi Khonde Lam'mwamba

Zoti a Nyundo anakhwimira akazi awo kuti asachotsedwe ntchito pahotela yakale ija ndi bodza, ndipo woyambitsa ndikumudziwa: wogulitsa makala uja, pakamwa ngati chitseko chopanda loko. Munthu wokhwima n'kuvala nsapato zomwezo zaka khumi? Ine makina anga osokera ali pakhonde loyang'anizana ndi hotelayo. Sukulu ndinalekezera panjira, koma maso sanalekeze.

Hotelayo makoma ake ndi a njerwa zootcha, okhuthala moti mwana akhoza kugona pazenera. Pamwamba pali khonde la matabwa, lokhazikika pa mitanda khumi ndi iwiri. Aboma anakhoma chikwangwani chamkuwa pakhomo, choti nyumbayi ndi yakale, isasinthidwe. Ndiye simenti ayi, zitsulo ayi. Thabwa likaola, ubwezerepo thabwa.

A Nyundo anali kalipentala wa pamenepo zaka makumi anayi. Ankakhala m'kachipinda kakuseri kwa khitchini ndi akazi awo, amene ankachapa zofunda za alendo. Chiswetu chimadya mtanda m'kati, kunja penti ali waliwali. Ndiye Lolemba lililonse iwo ankakwera makwerero ndi kanyundo kawo n'kumagogoda mtanda uliwonse, khutu atagunditsa. Wabwino umalira kuti ngwe, wodyedwa umangoti phu. Luso limeneli sanaphunzitseko munthu.

"Ndiphunzitse wina kuti mawa andilande chipinda?" ankatero.

Mwini hotela atamwalira, zonse zinatsala m'manja mwa mwana wake, abwana aang'ono onunkhira perefyumu. Anayamba kusesa nkhalamba. Wophika anapita, mlonda anapita. Kachipinda kaja abwanawo ankakafuna kuti aziikamo katundu, koma a Nyundo anatsala chifukwa cha khutu lawolo.

"Madala, khondeli lili bwanji?" abwanawo ankafunsa.

A Nyundo ankawayang'anitsitsa pakamwa. "Lolimba, bwana. Lidzatiika m'manda tonsefe."

Akazi awo okha ndiwo ankadandaula, mokuwa, mpaka ine kumva kutsidya kuno.

"Inu abambo inu! Pakona paja pakunjenjemera ndikaponda!"

"Wanenepa ndiwe, mayi. Thabwa lalakwanji?"

Tinkaseka. Tinkati ndi chikondi cha nkhalamba.

Lachinayi lina cha m'ma teni, mayiwo anakwera ndi beseni la nsalu zonyowa kukayanika. Mtanda wapakona unathyoka. Anagwa pamodzi ndi matabwa, beseni n'kugubuduka mpaka mumsewu. Mtandawo m'kati munali dothi lokhalokha, chiswe chili nyakanyaka. Chonsecho Lolemba lake ndinawaona a Nyundo akuugogoda n'kugwedeza mutu kuti uli bwino.

Msewu wonse unathamangira pamenepo, amayi akulira. A Nyundo anali pabwalo lam'mbali, atatifulatira, akupala thabwa. Sanacheuke. Anapitiriza kupala mpaka wina anawagwira paphewa. Mayiwo anatsirizika asanafike kuchipatala, ndipo wamakala anati: mwaona, amadziwa.

Patapita sabata ziwiri a Nyundo anabwera kwa ine ndi buluku loti ndiike chigamba. Akuyang'ana hotela ija, ndinaima kumbuyo kwawo n'kunena mokweza kuti, "A Nyundo, ndinu mbuzi yopanda mano." Zii. Ndinagwetsa chitini cha mabatani pasimenti. Zii. Ndinazungulira n'kuwayang'ana kumaso, ndikuloza khutu langa.

"Kuyambira liti, achimwene?"

Anapinda bulukulo, n'kulipindanso.

"Chaka chachitatu chino. Mayi ankadziwa. Ndikananena, tikanakagona kuti?"

Panopa ali kwa mwana wa mlongo wawo, amagona pabalaza. M'kachipinda kaja muli makireti a mabotolo. Khonde analitchinga ndi chingwe, aboma akuti akufufuza mmisiri wodziwa kumvera mitanda, ndipo sakumupeza.

A Nyundo sanakhwime ayi: anagontha, n'kubisa poopa kuthamangitsidwa.