Anti Okolopa ku Hositelo ya Atsikana

Kwa zaka khumi ndi zisanu, Anti Okolopa agwira ntchito ku hositelo ya atsikana pa yunivesite. Sukulu analekezera panjira, koma mwana wosweka mtima amamudziwa msanga: makatani satsegula, chakudya sakhudza, nsapato zimakhala pomwe zinali dzana.

Mtsikana wa m'chipinda chakumapeto anatha sabata osalowa m'kalasi. Anti anamupeza atakhala pansi, tsitsi lili nyankhalala.

"Anti, mutu wanga sukugwira. Kunyumba akuti ndine tsogolo la banja lonse, ndiye ndiwauze chiyani?"

"Dikira, mwanangu, ndikubwera."

Anasiya chokolopera n'kupita ku ofesi ya mlangizi. Anapeza mwadzaza mipando yothyoka. Mlangizi anachoka chaka chatha, ndipo akuluakulu a yunivesite sanalembenso wina. Atakamuuza za mtsikanayo, woyang'anira hositelo anangowaseka.

"Mayi, udokotala mwauyamba liti? Kakolopeni."

Mtsikanayo bambo ake anadzamutenga mayeso asanayambe, akumukalipira mpaka pageti kuti ndi ulesi chabe. Mwanayo sanabwererenso.

Mwezi wotsatira akuluakulu anamata chipepala chokongola pakhoma, cholembedwa kuti, "Usavutike wekha, tiuze." Anti anauzidwa kuti azichipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Amachipukuta ndithu, nkhope itayang'ana kumbali.