Kiyi ya Veronika

Kwa Kaphuka, kumene mphepo ya mu Juni imang'amba milomo, kuli mayi wolima kachewere, dzina lake Veronika. Sukulu sanapite nayo patali, koma anali wokhulupirika ngakhale pa zazing'ono, ndipo amayi a banki m'khonde atafuna wosunga kiyi, onse anatchula iye. Bokosi lawo linali la maloko atatu. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri kiyi yake inkakhala pachifuwa, yomangidwa ku chingwe.

Bokosilo linkasungidwa kwa a Anselmo, mwini lole ndi chigayo, pakuti nyumba yawo yokha ndiyo inali ndi chitseko chachitsulo. A Anselmowo anali apongozi ake a Veronika. Amayi awiri osunga makiyi enawo ankadya za ganyu wa m'minda ya bambo yemweyo.

Itatsala sabata kuti gulu ligawane ndalama zogulira feteleza, a Anselmo anafika pakhomo pake. Veronika anagwada chapatali, nkhope atalozetsa kumbali, monga mwambo ufunira.

"Mayi, maloko aja achita dzimbiri," anatero mkuluyo. "Patseni kiyi ndikathire mafuta."

Mtima wake unakana, koma mtengwa safunsa apongozi mafunso. Anavula chingwecho nachiika pamphasa.

Tsiku logawana, m'bokosi munapezeka kope lokha. Amayi awiri aja analumbira kuti makiyi awo sanachoke m'manja mwawo. Veronika sanathe kulumbira zonama pamaso pa Mulungu.

"Yanga inachoka," anatero.

"Inapita kwa yani?" anafunsa wapampando wa gulu.

Veronika anaona mwamuna wake, Yohana, ataima kumbuyo kwa bambo ake, maso ali pansi. Kutchula apongozi kuti ndi mbala pagulu kunali kuthetsa ukwati ndi kuchititsa ana ake manyazi.

"Mpaka woyera wathu wasanduka wosalankhula lero," anatero mayi wina, ena naseka mowawa.

Mlandu unagwera iye yekha. Dimba lake linagulitsidwa kuti abweze ndalama za anzake, ndipo analigula ndi a Anselmo, anthu nayamika chifundo chawo. Kutchalitchi anamuvula yunifomu ya amayi.

Woweruza woona alipo, ndipo sagulidwa ndi lole. Koma tsiku lake silinafike. Veronika amapempherabe, pabenchi ya kumbuyo. Akamadutsa pamsika wa Mayani, amayi amene ankamutcha mlongo amagwira nsonga za zitenje zawo, pomwe amamangapo ndalama.